Chowotchera cha Khumi ndi Chiwiri

"Bwezera pa sitovu chimenecho!"

"Sindibwezera."

"Iwe mayi a mwana, unayamba liti kundiyankha chonchi? Ndati bwezera!"

Ndinali nditaima pakati pa khitchini, chowotchera nyama nditachikumbatira pachifuwa, mafuta ake akundidetsa bulauzi. Amuna anga anali atatchinga pakhomo, manja atagwira mafelemu. Kuchipinda mwana wathu wamkazi wa zaka zinayi ankabuula chapansipansi, ndipo limeneli linali tsiku lachisanu ndi chimodzi akubuula choncho. Tinamupatsa dzina loti Kawayilesi, chifukwa chiyambireni kuyankhula sanatsekepo pakamwa. Ankacheza ndi nkhuku, ndi mpando, ngakhale ndi nsapato zake zomwe. Koma sabata imeneyo m'nyumba munali zii.

"Ndikufuna anesi akachione," ndinatero.

"Anesi ndi amisiri? Akudwala ndi mwana, pita naye mwanayo. Nanga chiwiya changa chikatani kuchipatala? Nacho chili ndi malungo?"

"Ndapita naye kawiri. Malungo alibe. Anandipatsa mankhwala a njoka za m'mimba, sizinasinthe. Dzulo anandifunsa kuti mwanayu amadya chiyani."

"Ndiye unati chiyani?"

"Ndinati amadya zomwe timadya tonse."

"Unayankha bwino. Basi zithere pomwepo." Anapukuta thukuta ndi chipewa chawo cha kuntchito. "Ukudziwa miyezi imene ndavutika nacho chinthu chimenechi? Choyamba chija mafuta ankagwera pamoto, utsi tolo nyumba yonse, aneba n'kumatitukwana. Chachiwiri ndinaika chivindikiro chafulati, nyama inkapserera pansi, pamwamba ili yaiwisi. Ndinakhala pansi, ndinaganiza, ndinakhoma chivindikiro chobulungira kuti moto ukakwera pa bowo lapakati uzizungulira n'kutsikira pa nyama. Ndani wina anaganizapo zimenezo? Zaka zisanu ndi zinayi ndikuwotcherera mageti a anthu m'shedi ya achimwene, ichi ndicho chinthu choyamba chochokera m'mutu mwangamu. Lero iwe ukufuna ukachiyalutse pamaso pa anthu?"

"Musaiwale kuti za ngalande ya madzi ndinakuuzani ndine."

"Eya, ndiwe. Ndiye ukuopa nzeru zako zomwe?"

Zinali zoona. Ndine ndinati, bwanji m'mbali mwake muzungulize kangalande, tizithiramo madzi, waya woikapo nyama akhale pamwamba pake, mafuta akamadontha azigwera m'madzi osati pamoto? Tsiku limene tinayesa, utsi unatheratu, ndipo tinavina m'khitchinimo ngati ana. Vuto linatsala limodzi. Lata lake linali lopyapyala, akati awotcherere msoko wa ngalandeyo linkabooka, madzi n'kumachucha. Patapita sabata anabwera nacho msoko wonse utamatidwa ndi chitsulo chotuwa, osadonthanso ngakhale pang'ono. Sindinafunse kuti amata ndi chiyani. Ndiye ine, mkazi wosafuna kutaya kanthu, madzi a m'ngalande aja, odzaza mafuta ndi mchere ndi mandimu, ndinkawakhuthulira m'kambale ka Kawayilesi kuti azinyowetsera buledi. Ankawakonda kuposa nyama yeniyeniyo. Alamu anga, eni shedi aja, ankatitumizira nyama yoyesera pafupifupi tsiku lililonse, choncho mwezi wathunthu mwana ankamwa msuzi umenewo.

Ndinaika chowotcheracho patebulo, n'kumasula pangodya pa mpango wanga.

"Nanga izi ndi chiyani?"

M'dzanja langa munali timibulu titatu totuwa, tating'ono ngati mbewu za therere. Ndinali nditatipeza pansi pa kambale ka mwana, tsiku limene madzi anaphwa m'ngalande ine ndili kunja, n'kuthiramo ena nditabwera. Ukatikanikiza ndi chikhadabo tinkaphwatalala.

Amuna anga anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi tizitsulo chabe," anatero, n'kutitenga kutiponya m'thumba la ovolosi. "Achimwene afika posachedwa ndi mayi wa sitolo amene akufuna kumazigulitsa. Chonde, usandichititse manyazi lero."

Galimoto inalira hutala panja. Ndinabwezera chowotchera pa sitovu. Ndinene chilungamo: ndinabwezera chifukwa cha mantha. Alamu anga aakuluwo ndimawaopa kuyambira tsiku limene ndinakwatiwa. Sakalipa ayi, amayankhula mofatsa akumwetulira, koma palibe amene amawatsutsa.

Nyama inapsa bwino tsiku limenelo, yofiirira mbali zonse, yofewa, m'nyumba mopanda utsi. Mayi wa sitolo anawomba m'manja nati ayamba ndi zisanu ndi zitatu. Alamu ananyema buledi, n'kuloza m'ngalande.

"Kali kuti kamtsikana kanga kolongolola kaja? Kaitaneni kadzamwe msuzi wake."

"Wagona," ndinatero. Ndinanyamula ngalandeyo ndi nsanza, n'kukakhuthula zonse m'dzenje la zinyalala.

"Ha! Mlamu mwalemeratu masiku ano," anaseka. "Mpaka kutaya mafuta?"

Sabata yotsatira mwana sanachire. Chimbudzi chinkamuvuta, akadya ankasanza, milomo inayera. Ukamuitana ankakuyang'ana ngati akuganiza kaye kuti ndiwe yani. Lachitatu ndinamusiya ndi aneba, ndinapita kumsika kukagula malalanje. Kuseri kwa ogulitsa mapoto ndinapeza madala wina wokhoma zidebe, amene ankagwira ntchito m'shedi ya alamu kuyambira ndisanakwatiwe. Anali atayala mafanulo ndi tizidebe pa saka.

"Agogo, mukutani kuno nthawi ya ntchito?"

"Ntchito inatha, mwana wanga. Anandichotsa. Kodi amuna ako sanakuuze?" Anandiyang'anitsitsa. "Chowotchera chija mukudyerabe?"



"Bwanji, agogo?"

"Msoko uja anamata ndi mtovu. Amaswa mabatire akutha a galimoto, n'kusungunula mtovu wake m'chitini. Ine ndakhoma zidebe zaka makumi anayi, ndipo amene anandiphunzitsa anandimenyapo khofi chifukwa chomata ketulo ndi zinthu zimenezo. Mtovu umamatira thanki ya mafuta, osati chiwiya chodyera. Ndinawauza abwana kuti tipinde msokowo ndi nyundo, lata kulumana ndi lata, monga timachitira ndi zidebe. Sudontha. Koma kupinda kumatenga theka la tsiku, kumata ndi mtovu ndi mphindi khumi. Anati, madala mwakalamba, mukutichedwetsa."

"Mtovuwo umatani munthu?"

"Wamkulu umamudya pang'onopang'ono. Koma mwana..." Anasiyira pomwepo. "Bola madzi a m'ngalandemo mumataya, eti?"

Malalanje anagwa, n'kumagubuduka pansi pa mabenchi. Sindinatole ngakhale limodzi. Ndinathamanga njira yonse, anthu akundiyang'ana ngati wamisala.

Madzulo amuna anga atangolowa, nsapato asanavule, ndinawafunsa.

"Munkadziwa?"

"Kudziwa chiyani?"

"Musandipusitse! Ndakumana ndi madala a zidebe. Munkadziwa kuti ndi mtovu?"

Anakhala pampando pang'onopang'ono.

"Kuti ndi mtovu ndinkadziwa, ndinamata ndine. Koma achimwene anati madala aja ndi nsanje chabe. Anati ife timausungunula chaka ndi chaka, wafa ndani? Komanso uli pansi pa madzi, sukhudza nyama."

"Sukhudza nyama! Nanga madziwo ankamwa ndani? Mayo ine, munkandiona ndikumuthirira m'mbale, inu muli phee, mukumwetulira!"

"Sindinaganize..."

"Simunaganize! Chivindikiro munachiganizira miyezi itatu, mwana wanu simunamuganizire ngakhale mphindi imodzi. Mawa m'mawa ndikupita nacho kuchipatala, mufune musafune."

Anatuluka ndi foni panja. Ndinkaganiza kuti akukalira, koma ayi ndithu, ankaimbira achimwene awo. Dzuwa lisanalowe galimoto ija inali pakhomo.

Alamu anakhala pampando wabwino, chipewa pa bondo. Anayamba ndi kufunsa za mwana, mwaulemu kwambiri, mpaka anatulutsa paketi ya mabisiketi.

"Mlamu, ndamva kuti mukufuna kupita ndi katundu wathu kuchipatala. Palibe vuto, miyendo ndi yanu. Koma tiyeni tiganize limodzi. Achipatala akamva nkhani zotere sasunga, amauza apolisi. Apolisi akabwera adzafunsa kuti anapanga ndani. Ine sindinagwirepo nyundo. Anajambula ndi mphwangayu, anamata ndi mphwangayu. Mukufuna mukamuonere pa waya kundende?"

"Koma munauzidwa, alamu. Madala anakuuzani."

"Madala ake ati? Woledzera uja? Ndani angamumvere?" Anamwetulira. "Ndiye adzafunsanso kuti, kodi mwanayo ankamumwetsa madzi otsukira chiwiya ndi ndani? Pa chowotchera chathu palembedwa kuti madziwo ndi akumwa? Mayi wanzeru angapatse mwana zimenezo? Anthu adzakulozani zala inuyo, mlamu, osati ine."

Ndinayang'ana amuna anga kuti anenepo kanthu. Maso awo anali pa simenti.

"Chinanso," anapitiriza alamu akuimirira, "nyumba inoyi mukudziwa mwini wake. Sindikuopsezani ayi, ndikungokumbutsa. Mwasiya kumupatsa msuziwo, si choncho? Basi achira. Ana amadwala n'kuchira. Mumwetseni mkaka wambiri."

Ndinakhala chete masiku anayi. Ndikulemba zimenezi ndi manyazi, koma ndi mmene zinalili. Ndinamwetsa mwana mkaka mpaka ankaukana ndi dzanja. Ndinkadziuza kuti mawa adzuka bwino. Galimoto iliyonse ikadutsa pamsewu ndinkaganiza kuti ndi apolisi, kapena alamu abwera kudzatitulutsa. Ndinkaopa ndende, ndinkaopa kugona panja, ndinkaopa zala za anthu. Ndinaopa zonsezo, ine chitsiru, kusiya chinthu chimodzi chimene chinali choyenera kuopedwa. Ndipo masiku anayi amenewo amuna anga ankadzuka m'mawa kupita kushedi kukamata zina.

Lolemba masana ndinali kuyanika zovala pa chingwe. Kawayilesi ndinali nditamugoneka pa mphasa pamthunzi kuti apitidwe mphepo. Ndinamva kaphokoso ngati chidendene chikugunda pansi. Nditacheuka ndinaona mwana wauma gwa, msana wapindikira kumbuyo, maso atembenuka, kuoneka koyera kokhakokha. Kenaka thupi lonse linayamba kugwedezeka, thovu likutuluka kukamwa.

"Mwana wanga! Anthuni, mwana wanga!"

Sindikumbukira mmene ndinamuberekera. Ndikukumbukira kuti ndinafika pa geti, ndinaima, ndinabwerera. Ndinalowa m'khitchini, ndinatenga chowotchera chija pamodzi ndi chivindikiro chake, osachikulunga n'komwe. Ndinathamanga nacho pamsewu poyera, chivindikiro chikulira ngwe ngwe ngwe, mutu wa mwana ukugunda pamsana panga. Ndinkamuyankhula njira yonse kuti, usagone mayi, usagone, tafika. Sanayankhe.

Kuchipatala anamulanda pamsana panga n'kuthamangira naye mkati. Anamubaya jakisoni, kugwedezeka kunaleka. Anesi aakulu, mayi wa imvi amene anandifunsa za chakudya tsiku lija, anatuluka n'kundipeza nditakhala pansi pakhonde, chowotchera chili pamiyendo.

"Ichi ndi chiyani, mayi?"

Ndinawauza zonse. Za ngalande, za mandimu, za timibulu, za madala a zidebe. Anatenga sizasi m'thumba la yunifolomu, n'kukanda pa msoko. Chitsulo chotuwa chija chinapaluka mosavuta ngati sopo, pansi pake pakunyezimira.

"Mwadziwa liti kuti ndi mtovu?"

Ndinafuna kunama. Lilime linakana.

"Lachitatu lapitali."

"Lachitatu." Anawerenga pa zala, n'kundiyang'ana. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. "Dzukani. Tikumutumiza ku chipatala chachikulu, kumeneko ndi kumene angayeze magazi ndi kumupatsa mankhwala ochotsa zimenezi. Ambulansi ikubwera."

Amuna anga anafika ambulansi isananyamuke, atauzidwa ndi aneba. Anali ndi ovolosi yawo, manja akuda. Ataona mwana ali gone, chubu chili m'mphuno, anagwira khoma.

"Ndinu mmisiri wake?" anafunsa anesi.

"Ndine."

"Mwapanga zingati?"

"Makumi awiri. Zomwe zatuluka ndi khumi ndi ziwiri."

"Ndiye kuti nyumba khumi ndi ziwiri zikuphikira zimenezi lero lino. Ife tilemba lipoti, imeneyo ndi ntchito yathu. Koma lipoti limayenda pang'onopang'ono, bambo. Amene mukudziwa kumene zinapita ndinu."

Foni inayamba kulira m'thumba mwawo. Anaitulutsa, tonse tinaona kuti ndi achimwene awo. Inalira mpaka inasiya. Inayambanso. Anaithimitsa, n'kuibwezera m'thumba.

"Pita naye," anandiuza, osandiyang'ana kumaso. "Ine ndikubwera m'mbuyo."

Tinakhala ku chipatala chachikulu masabata atatu. Masiku awiri oyamba adokotala sankandilonjeza kanthu, ankangoti tiyeni tione. Ndinkakhala pambali pa bedi ndikuyang'ana kachifuwa kake, kakakwera ndipume, kakachedwa ndiimirire. Tsiku lachitatu anatsegula maso.

Masiku amenewo amuna anga ankayenda ndi njinga khomo ndi khomo. Mayi wa sitolo anali atagulitsa zisanu mwa zisanu ndi zitatu zija, ndipo mwamwayi ogulawo ankawadziwa. Anawatukwana amuna anga pamaso pa makasitomala, koma mayina anapereka, zitatu zotsalazo n'kubweza. Zina zitatu zinagulidwa kushedi ndi anthu a m'dera lathu lomwe. Kwina anawathira madzi akuda, kwina bambo wina anawang'ambira malaya. Ankangopepesa, n'kumanga chowotchera pa keliyala, n'kuwauza kuti apite ndi ana awo akayezedwe. Zotsala m'shedi anaziphwanya ndi nyundo achimwene awo akuona. Tsiku lomwelo ntchito inatha, ndipo alamu anatitulutsa m'nyumba, katundu wathu n'kukamutula kwa mchemwali wanga. Anthu a boma atafika kushedi, alamu anawalandira ndi ulemu wonse, nati iwo amangopanga mageti, za mphwawoyo sakuzidziwa. Mpaka lero shedi ili chitsegulire.

Tsiku lotuluka m'chipatala amuna anga anabwera kudzatitenga. Anali ataonda, ndevu zili nyankhalala. Tinakhala pa benchi panja, mwana ali pamiyendo panga.

"Ndapeza khumi ndi chimodzi," anatero.

"Nanga china?"

"Chija ndinagulitsa ndekha, pakhomo pa shedi. Mayi wina wodutsa, anati akuthamangira basi. Sindinamufunse dzina, sindinamufunse kumene amakhala. Anati kwawo eni nyumba amadana ndi utsi."

"Anali yekha?"

Anatembenuzira nkhope kumbali.

"Ndikufunsa, anali yekha?"

"Anali ndi mwana kumsana. Wina wamkulupo atamugwira dzanja." Anaphimba nkhope ndi manja akuda aja. "Mayi a mwana, ndinamuuza... pomuonetsa mmene chimagwirira ntchito, ndinamuuza kuti madzi a m'ngalandemo asamataye. Ndinati mkazi wanga amapatsa mwana wathu, amawakonda kwambiri."

Sindinathe ngakhale kuwakalipira. Mawu amenewo anali anga.

Kawayilesi ali moyo, ndipo ndimathokoza Mulungu m'mawa uliwonse. Amayenda, amadya, nthawi zina amamwetulira. Koma sachezanso ndi nkhuku. Ukamufunsa kanthu amakuyang'ana nthawi yaitali, kenaka amatulutsa liwu limodzi, mwina awiri. Nyimbo zonse zija anaiwala. Adokotala anati zina zibwerera, zina mwina ayi. Anatinso pa matenda amenewa tsiku lililonse limawerengedwa, ndipo ine masiku anga anayi aja ndimawadziwa.

Amuna anga tsopano amakhoma zidebe kumsika pambali pa madala aja, akuphunzira kupinda msoko ndi nyundo. Tinalengezetsa m'matchalitchi, tinamata mapepala pa siteji ya basi, mvula inawachotsa, tinamatanso ena. Palibe amene wabwera.

Loweruka lililonse ndimamugwira dzanja Kawayilesi, timakwera basi, timatsika dera lina lililonse, n'kumayenda m'tinjira ta pakati pa nyumba nthawi yophika. Ndimagogoda, ndimafunsa, ena amandiyesa wopemphetsa. Poyamba ndinkayenda mphuno ili m'mwamba, ndikuyang'ana pa madenga ndi m'mawindo kuti ndione pamene pakufuka utsi wa nyama. Linali Loweruka lachitatu pamene ndinaima pakati pa njira, nditakumbukira chimene tinavinira m'khitchini muja.

Chowotchera chathu sichitulutsa utsi.